Galimoto ya Mkamwini

Chigoba cha galimoto yanga chinalowa m'mudzi chikukokedwa ndi ng'ombe zinayi, ndipo anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Chinalibe injini, chinalibe zitseko, ndipo pamene panayenera kukhala mpando panali chisa cha mavu. Ndinachipeza ku Golomoti, kuseri kwa nyumba ya wamalonda wina wa thonje, pomwe nkhuku zinakhala zikuikiramo mazira kwa zaka. Nditamuwotcherera ngolo zake ziwiri, mkuluyo anangoti ndimuchotsere chinyalalacho. Alamu anga, achimwene ake a mkazi wanga, anachizungulira kawiri n'kufunsa ngati ndayamba kuweta nkhunda. Ndinangozimeza, poti mkamwini amameza zambiri.

Kwathu ndi kumtunda, mbali ya Bembeke. Kuchigwa kuno ndinatsikira mkazi, matipate atangoyamba kumene, nthawi imene aliyense wokhala ndi pikapu anayamba matola. Mudzi wa mkazi wanga uli pakati pa msewu wa tala wa ku Mtakataka ndi nyanja, kuseri kwa dambo la makande ndi kamtsinje kopanda mlatho. Chilimwe munthu umadutsa pa njinga ukuimba mluzu. Mvula ikakhazikika, dothi lakuda lija limagwira mwendo ngati ulimbo, ndipo palibe dalaivala wa matola amene ankalola kupatukira kwathu. Mpunga unkadikira m'nyumba, odwala ankapita ku Mua pa machila, ena n'kubwerera panjira.

Ndinkauza anthu kuti ndikupanga galimoto yoti odwala azifika kuchipatala ngakhale dzinja. Silinali bodza. Koma lero imvi zadzaza m'mutu, ndinene zoona: chimene ndinkachifuna kwambiri chinali chakuti apongozi anga aakazi andiwerengere pamudzi pawo. Munda umene tinkalima unali wawo, malo amene ndinamangapo nyumba anali awo. Kwa iwo mwamuna ndi khasu kapena ukonde, ndipo ine wobwera madzulo ndi maso ofiira ndi malaya obooka ndi moto sankadziwa pondiika. Ndinamvapo akuuza mayi wina pamtondo kuti mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Mawuwo anandikhala pamtima zaka.

Sikuti tinkakangana. Tikanakangana bwanji, anthu osalankhulana? M'mabanja ena zoopana ndi apongozi zinali zitayamba kutha, koma osati kwathu. Tikakumana panjira, mmodzi ankapatukira mu udzu n'kunjuta akuyang'ana kumbali. Sindinadyepo iwo akuona, sindinakhalepo nawo pa mphasa imodzi. Akafuna kundiuza kanthu ankauza mwana wawo mokweza mawu, ine ndili pomwepo, ndipo yankho langa linkadzeranso njira yomweyo. Mkazi wanga anali ngati positi ofesi, kungoti makalata ena ankawakonza asanawapereke.

Shedi yanga yowotcherera zitsulo inali pa Mtakataka pomwe pali magetsi, ndipo nzeru zinali zoti chigobacho ndichiike kumeneko. Ine ndinachiika pansi pa mtengo wa masawu, moyang'anizana ndi khomo la apongozi. Ndinati ndikuopa akuba. Zoona zake ndinkafuna kuti aziona.

Ntchitoyo inanditengera zilimwe ziwiri. Injini ya dizilo ndinaichotsa m'kalole kena kamene kanagubuduka potsika Khwekhwerere. Kuti ikwanire ndinadula zomangira zake zakale n'kuwotcherera zina, ndikuyeza ndi chingwe ndi kamtengo poti zida zoyezera ndinalibe. Shafuti inafupika, ndinailumikiza, n'kuduka, n'kuilumikizanso. Mwayi wanga unali wakuti chigobacho chinali cha galimoto yokoka ndi matayala onse anayi, ndipo difu yakutsogolo, yomwe imazunguza matayala akutsogolowo, inali ikadali yamoyo. Zing'onozing'ono ndinkapita nazo kushedi pa njinga. Zikuluzikulu ndinkabwereka jenereta kwa mnzanga wa chigayo, n'kumawotcherera Loweruka ndi masana a Lamulungu, anthu akundiyang'ana ndi diso la kutchalitchi.

Mdani wanga ndinkamudziwa, anali matope ndi madzi, ndiye chilichonse ndinkachiganizira iyeyo. Paipi yopumira injini ndinaikweza mpaka padenga, ndipo inali paipi ya mjigo wakufa. Ekizozi nayo ndinaikhotetsera m'mwamba. Matayala ndinaika a lole, a mano akuluakulu, n'kudula malata a m'mbali kuti asamakhule. Kutsogolo ndinaika mpando wa minibasi wofewa bwino. Kenako masipuling'i, zitsulo zosanjikizana zija zimene galimoto imakhalapo. Kumbuyo anali asanu mbali iliyonse, ine n'kuwonjezera anayi a lole ija kuti akhale asanu ndi anayi. Galimoto inanyamuka m'mwamba moti thabwa lapansi la kumbuyo linkandifika pachifuwa. Ndinkaima patali n'kumaiyang'ana monga mmene bambo ayang'anira mwana wake wamtali.

Itadzaza matumba a mpunga inkayenda ngati bwato pa madzi odekha. Ulendo woyamba ndinadutsa dambo lonse mvula yoyamba itagwa, ana akuthamanga pambuyo, alamu anga aja atakhala pambali panga ngati ndiwo anaipanga. Koma ikakhala yopanda katundu inkadumpha ngati kamwana ka mbuzi. Masipuling'i olimba chotero amafuna kulemedwa kuti apinde, ndipo anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi saali kanthu kwa iwo. Amayi opita kuchigayo ankatsika atagwira m'chiuno. Kukwera kwake nakonso kunali nkhondo: phazi pa tayala, wina akukoka pamwamba, wina akukankha pansi, chitenje chikumasuka.

Tsiku lina ndili chagada pansi pa galimoto kumanga mabawuti, ndinamva apongozi akuitana mwana wawo. Anali pakhonde pawo akusankha mpunga m'lichero.

"Iwe, tawafunsa bambo a ana akowo. Ya matumba taiona. Nanga ya anthu adzapanga liti?"

Mkazi wanga anabwera n'kugwada pafupi ndi miyendo yanga. "Amayi akuti mwina mukanafewetsako kumbuyoku, ndi kuikako poponda."

Zilimwe ziwiri za moto m'maso, munthu osanena ngakhale kuti mwayesetsa, lero mawu oyamba n'kukhala amenewa. Ndinayankha mokweza, ndikudziwa bwino lomwe kuti akumva.

"Uwauze amayi kuti galimoto si mphasa. Wofuna zofewa akhale pakhomo."

Mkazi wanga anapita n'kukanena kuti bambo akuti aona. Koma kalata imeneyo inali itafika kale yosakonza. Apongozi anangopitiriza kupeta mpunga wawo. Ndipo ine, poti ndinali nditanena, sindinafune kuoneka ngati ndagonja. Kuchotsa masipuling'i ndinkadziwa kuti si ntchito, ndipo poponda ndi chitsulo chimodzi chopinda. Chaka chinatha ndikunena mumtima kuti ndidzachita ndikadzafuna ndekha, osati chifukwa chouzidwa.

Chinali chaka chachiwiri galimoto ili pamsewu, mwezi wa Febuluwale, mvula itagwa masiku atatu osapuma. M'mawa wa tsiku lachinayi apongozi anaterereka pa mjigo ali ndi ndowa pamutu. Amayi anzawo anawabweretsa atawagoneka pa chitseko, mwendo wakumanzere utatembenukira kunja. Aliyense anaona kuti fupa la m'chiuno lathyoka. Alamu anga anali kunyanja ndi asodzi anzawo, amuna ena ali kumadimba kutsekera madzi. Mwamuna wapafupi ndinali ine, ndipo galimoto yokhoza kutuluka m'mudzimo tsiku limenelo inali imodzi.

Mkazi wanga anati amayi akhale kutsogolo, atsamire pa iye, poti mpando ndi wofewa ndipo mvula siwapeza. Apongozi anapukusa mutu ali chigonere.

"Ndikakhale phewa ndi phewa ndi apongozi? Zaka zonsezi ndadzisunga, ndidzayambe lero? Kuli bwino mundinyamule pa machila."

Ndinauza mkazi wanga kuti tikhoza kupachika chitenje pakati. Anakafotokoza, iwo anakananso. Apa ndipo pamene ndimadziimba mlandu. Ndikanakakamira. Ndikanagwada pakhomo paja n'kulankhula nawo ndekha, mwambo ukanadzandilipiritsa nkhuku pambuyo pake. Koma atakana ndinamva kupepukidwa, chifukwa inenso ndinkachita manyazi kukhala nawo pafupi chotero. Ndinabisala kuseri kwa ulemu.

Ndinabweza galimoto chambuyo mpaka kukhonde lalitali la nyumba ina, monga tinkachitira pokweza matumba, ndipo amayi anawakweza ndi chitseko chomwecho n'kuwasamutsira pa matiresi. Ndinaganizako zoika katundu kuti masipuling'i apinde. Koma Febuluwale ndani ali ndi matumba a mpunga? Njerwa zinalipo, mchenga unalipo. Ndinayang'ana dambo n'kuopa kuti kulemera kutititimiza pakati, ndiye ndinasankha kupita yopepuka. Mkazi wanga ndi mayi wina woyandikana nafe anakwera kumbuyo n'kufunda pepala la pulasitiki. Ndisanalize injini ndinatembenuza galasi loonera kumbuyo kuti liyang'ane pansi, kuopa kuti maso anga angakumane ndi a apongozi. Ndinachita zimenezi osaganiza n'komwe, monga munthu avulira chipewa.

M'dambo ndinayenda ndi giya yoyamba. Bampu iliyonse ndinkaimva m'mano mwanga, ndikumvetsera ngati kumbuyo kumveke kulira. Sikunamveke kanthu, ndipo ndinadzinamiza kuti zili bwino.

Kamtsinje kanali katadzaza mpaka m'mabango, madzi ofiira akunyamula zinyalala ndi mapesi. Tsidya lina kunali anthu ndi njinga zawo, akudikira kuti aphwe. Madzi ochuluka chotero ndinali ndisanawaolokepo. Ndinatsika, n'kulowa ndi ndodo mpaka m'chiuno kufufuza pamene pali miyala, n'kubwerera. M'madzi lamulo ndi limodzi, ukalowa usachotse phazi pa moto, ukangozengereza injini imamwa madzi ndipo zako zatha. Ndinalowa. Madzi anakwera pa boneti, analowa pansi pa zitseko zimene ndinaika n'kundinyowetsa mapazi, galimoto inasendera kumbali ngati ikufuna kutsatira mtsinje. Kenako matayala akutsogolo anagwira mwala, inadumpha kamodzi, kawiri, n'kukwera gombe ikutsanula madzi mbali zonse.

Anthu a njinga aja anakuwa n'kuwomba m'manja. Ndipo ine, Mulungu andikhululukire, ndinaseka. Ndinamenya chiwongolero ndi chikhatho ndikuseka ndekha, chifukwa chinthu chimene ndinachipanga ndi manja anga pansi pa mtengo wa masawu chinachita zimene ndinachipangira. Kwa kanthawi ndinaiwaliratu amene ndanyamula. Ndinapitiriza kuponda moto mpaka ndinamva kugogoda kwamphamvu padenga.

Nditaima n'kusuzumira kumbuyo, ndinapeza pulasitiki itapita ndi mtsinje. Madzi anali atakhuthukira mkati pamene galimoto inapendekeka, matiresi atanyowa, ndipo kudumpha kuja kunali kutawaponya apongozi pa thabwa, mbali yothyokayo. Anali ataluma nsonga ya chitenje, maso ali otseka, thupi likunjenjemera. Ngakhale pamenepo sanalire, poti kulira mkamwini akumva n'kudzichotsa ulemu.

"Mwanyamula anthu, bambo," anatero mkazi wanga. Sanakweze mawu, ndipo bola akanakweza.

Ndinavula jekete langa n'kumupatsa iye kuti awafunditse. Kuchokera apo mpaka pa tala, ndi kuchoka pa tala kukwera kamtunda ka ku Mua, ndinayenda pang'onopang'ono moti wa njinga anatipitirira.

Pachipatala namwino anatuluka msanga ndi bedi lamatayala, koma atafika pagalimoto anaima. Thabwa linali pamwamba pa mapewa ake, khonde loti n'kubwezerapo panalibe, ndipo chitseko chija tinachisiya kumudzi. Amayi awiri aja anayesa kukoka matiresi, apongozi n'kubuula koyamba. Ine ndinali nditaima poteropo, ndikuyang'ana mitengo monga mwa chizolowezi.

"Bambo inu, mukuyang'ana chiyani uko?" anatero namwino, amene sankadziwa kuti ndine ndani. "Bwerani mudzawanyamule mayi anuwa."

Ndinayang'ana mkazi wanga. Iye anangogwedeza mutu. Ndinaima m'munsi, iwo n'kuwasendeza mpaka m'mphepete, ndipo ndinalowetsa mkono umodzi kumsana, wina pansi pa ntchafu, namwino atagwira mwendo wothyokawo. Zaka khumi ndi chimodzi ndinali pamudzi pawo, ndipo sindinkadziwa kuti ndi opepuka chotero. Munthu amene ndinkamuopa kuposa aliyense ankalemera ngati mtolo wa udzu. Nkhope yawo ndinaiona pafupi koyamba, mphini ziwiri pa tsaya, ndi maso ofanana ndi a mwana wanga wamkazi. Ndinayembekeza kuti adziphimba kumaso. Sanatero.

"Yaoloka, bambo," anatero, akundiuza ine mwini, popanda wodutsiramo. "Ndaiona ndi maso anga. Mwagwira ntchito."

Mawu amene ndinawadikira zaka zonse zija anafika ndili nditawanyamula munthu wonyowa, wonjenjemera, amene galimoto yangayo inali itangomumenyetsa pa thabwa. Ndinangoti, "Pepani, amayi," n'kuwagoneka pabedi.

Anakhala m'chipatala masiku asanu ndi anayi. Tsiku lachitatu anayamba kutsokomola ndi kutentha thupi, adokotala n'kunena kuti ndi chibayo. Anatiuza kuti chimakonda kugwira okalamba akagona osadzuka, ndipo anayesetsa ndithu. Ine ndinkapita tsiku lililonse ndi nkhuni ndi ufa wa odikirira, n'kumakhala panja pa wodi. Kulowa sindinalowe, ndipo sitinalankhulanenso. Tsiku lachisanu ndi chinayi, dzuwa litapendeka, mkazi wanga anatuluka atamanga chitenje m'chiuno, ndipo ndinadziwa asananene.

Palibe amene anandiloza chala. Alamu anga anandigwira dzanja pamaso pa abale n'kunena kuti pakanapanda galimoto ya alamu, amayi akanafera pa chitseko. Mwina n'zoona. Mwinanso chibayocho chikanabwera ngakhale akanafika ouma, atatsamira pa mpando wofewa. Ndafunsapo anthu odziwa zachipatala mozungulira, ngati nkhani ya munthu wina, ndipo aliyense amati sizidziwika. Mkazi wanga sanaitchulepo nkhaniyi mpaka lero, ndipo ine sindinalimbepo mtima kumufunsa chimene amaganiza.

Thupi tinayenera kukalitenga m'mawa mwake. Kutangocha ndinatulutsa jeke ndi masipanala, n'kuika zitsa pansi pa galimoto. Alamu anga anabwera kudzandiuza kuti anthu akudikira, koma ataona chimene ndikuchita anangovula malaya n'kugwada mbali inayo. Tinamasula mabawuti, dzimbiri likutigwera m'maso, tinasolola masipuling'i anayi uku ndi anayi uko, n'kumanganso. Tinkangopemphana masipanala. Ntchito imene ndinaikana chaka chathunthu inatha amayi asanamalize kuphika phala la pamaliro.

Madzi mumtsinje anali ataphwa, ofika m'mawondo basi. Tinabwera nalo thupilo bokosi lili pakati, amayi atakhala mbali zonse akuimba nyimbo za kutchalitchi chapansipansi, alamu anga ali pambali panga. Tinatsika kamtunda ka ku Mua, tinapatuka pa tala, tinaoloka, tinalowa m'dambo momwe munali mabampu onse aja. Galimoto inkangoyenda mofewa bwinobwino ngati mayi woyenda ndi mwana wogona kumsana. Ulendo wonse sinadumphe ngakhale kamodzi, ndipo n'chimene chinandiliza.